Mchira wa Dolofini

Amuna anga a Haruna ali ndi matenda amodzi: mawu oti "sindikudziwa" satuluka pakamwa pawo. Poti awedza ku Chipoka zaka makumi atatu, chilichonse cha m'madzi amachiyesa chawo.

Mwana wathu Safia ali Fomu 2. Akaweruka ankakhala pamchenga, bambo ake akusoka ukonde, iye n'kumawawerengera za kusukulu. Tsiku lina anawafunsa kuti dolofini ili m'gulu lanji la zamoyo.

"Imakhala kuti?"

"M'nyanja zamchere, ababa."

"Imasambira? Basi, nsomba imeneyo. Lemba."

Analembadi. Aphunzitsi anawerenga yankholo kalasi yonse ikumva, anzake n'kufa nacho chiseko, ati mwana wa msodzi sadziwa nsomba. Kuyambira tsikulo Safia anasiya kupita kumchenga. Ankawerengera m'nyumba, chitseko chili chitsekere.

Ine zinandikwiyitsa. "Mwaonatu? Chinthu simunachionepo n'kamodzi komwe, koma kuyankha ngati munachiweta!" Ndinawakalipira choncho a Haruna. Komabe, wallahi, ndinawamvera chisoni. Sabata yonse ankasoka ukonde okhaokha, maso ali kunjira yochokera kunyumba.

Lachisanu atabwerako ku swala kumzikiti anagogoda pachitseko cha Safia chija. "Mayi, tandionetsa chinyama chandichititsa manyazicho."

Safia anawapatsa buku atayang'ana kumbali. Bambo ake sadziwa kuwerenga, koma chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Aaa! Taonani mchirawu, wagona! Chambo, kampango, usipa, zonse mchira wake ndi woimirira. Ndikanaona izi sindikananena zopusa zija. Imapuma bwanji?"

"Imatulukira pamwamba. Mphuno ili pamutu." Mawu a Safia anali ouma. "Imabereka mwana wamoyo, n'kumamuyamwitsa."

"Kuyamwitsa m'madzi?" Anakanda ndevu. "Kumira, kutuluka n'kupuma, kamwana kali pambali. Ameneyutu ndi m'bale wake wa mvuu."

"Mwayambanso!" ndinakuwa ine. "Mukufuna mwanayu asiyiretu sukulu? Mvuu ya miyendo inayi ija?"

Safia sanaseke. Anatenga foni yanga n'kuyamba kufufuza. Ine mtima unali m'mwamba, poti akanalakwanso kachiwiri, ndani akanamubweza mwanayu kwa bambo ake? Anawerenga, n'kubwerezanso.

"Amayi," anatero chapansipansi, "asayansi akuti pa nyama zonse zimene zilipo lero, mvuu ndiye wachibale wapafupi wa dolofini ndi anamgumi."

Ndinadikira kuti a Haruna adzigugude pachifuwa, monga ndiwadziwira. Ayi ndithu. Anangofunsa mwamantha, "Ndiye ukawauza aphunzitsi kuti wazipeza mufoni?"

"Ayi," anatero Safia, akusendera kufupi kuti aonere limodzi bukulo. "Ndikawauza kuti anena ndi bambo anga."

Bambo wamkulu ndi ndevu zake anavula kofiya n'kupukuta m'maso, ati utsi wachuluka m'nyumba muno. Ine moto ndinali ndisanasonkhe.