Phula Pansi pa Penti Woyera

Abusa atandiuza kuti achimwene anga abatizidwa Lamulungu loyamba la mwezi wamawa, ndinali nditanyamula chitini cha penti, ndipo ndi chisomo chabe kuti sindinawakhuthulire pa nsapato.

"Akulu anu akhulupirira," anatero akumwetulira mano onse pamtunda. "Mulungu wawalenga mwatsopano."

"Zikomo," ndinayankha. Nanga ndikanati chiyani?

Ine ndine wopenta. Ndimapenta nyumba, ndimalemba zikwangwani za masitolo, ndipo ndikapatsidwa khoma losalala ndimajambulanso zithunzi. Ndimayenda motsimphina chifukwa mwendo wanga wamanzere ndi waufupi kuposa unzake, ndipo amene anaufupikitsa ndi achimwene omwewo. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo tinkagwira ntchito kwa bwana mmodzi. Tsiku lina tikupenta nyumba yosanja, ine ndinali pamwamba pa makwerero, iwo atagwira pansi. Makwererowo anatsetsereka. Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala, fupa la ntchafu litathyoka pawiri. Anzathu a pantchito anandinong'oneza kuti madzulo a tsikulo achimwene ankanunkha mowa. Koma bwana atafunsa, iwo anati woledzera ndinali ine, akuti ndinakwera ndikudzandira ngakhale ankandiletsa. Ntchito yanga inathera pomwepo. Ndinagona miyezi isanu, ndipo mkulu wangayo sanabwere ngakhale kudzasuzumira pawindo.

Ndiye lero ati wakhulupirira, basi nkhani yatha. Ine ndakhala ndikupemphera pa tchalitchi chimenechi kuyambira ndikuyendera ndodo ziwiri. Mabenchi onse ndinapaka vanishi ndine. Sindinajombepo popanda chifukwa. Koma munthu wongobwera dzulodzuloli, wosapepesa ndi kamodzi komwe, akalowe kumwamba pa khomo lomwelo ndi ine, iye akuyenda mowongoka, ine ndikukoka mwendo pambuyo pake. Mtima unandiwawa, sindikubisa.

Ntchito imene abusa anandiitanira inali ya khoma lalikulu la kuseri kwa guwa. Ankafuna ndijambulepo chilengedwe m'zigawo zisanu ndi ziwiri: kuwala, thambo, mitengo, dzuwa ndi mwezi, nsomba ndi mbalame, nyama ndi anthu. Chigawo choyamba, chisanafike cha kuwala, chakumanzere, pamwamba penipeni pa malo oikapo beseni la ubatizo, anati chikhale chopanda kanthu.

"Pachiyambi penipeni kunalibe dothi, kunalibe madzi, kunalibe mphepo," anafotokoza. "Anthu aone ndi maso kuti Mulungu sanayambe ndi kalikonse."

"Ndiye ndipakepo mtundu wanji?"

"Chopanda kanthu chilibe mtundu."

"Abusa, kusitolo sagulitsa penti wopanda mtundu."

Tinakangana pang'ono mpaka tinagwirizana pa woyera. Koma mukudziwa abusa, akaona kampata ka ulaliki sakaphonya. Anandigwira paphewa.

"Inu mukamagwira ntchito mumafuna khoma, penti ndi bulashi. Ngakhale mmisiri waluso chotani amayamba ndi chinachake. Mulungu yekha ndiye amanena kuti chikhale, chinthu n'kukhaladi. Kupulumuka n'chimodzimodzi. Akulu anu sakubwera ndi ntchito yabwino ngakhale imodzi, abwera manja lendelende. Angokhulupirira, ndipo Mulungu walenga munthu watsopano pamalo pomwe panalibe."

"Nanga zakale zija zapita kuti?"

"Zaphimbidwa, m'bale wanga."

Apa mumtima ndinaseka. Abusa amadziwa zakumwamba, ine ndimadziwa makoma. Pali zinthu zina zomwe siziphimbika. Phula lakuda lija timamatira malata odontha, ukalisungunula ndi palafini n'kulipaka pakhoma, ukhoza kupakapo penti woyera kawiri kapena katatu. Tsiku loyamba khoma limayera mbee, mwininyumba n'kukuthokoza. Pakapita masabata awiri phula limayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kutulukira pamwamba ndi mtundu wa tiyi wotayikira pansalu. Wopenta aliyense amazidziwa zimenezi, ndipo amaliopa phula. Tsiku limenelo ine ndinalikonda.

Amayi anabwera kwathu sabata yomweyo, atavala chisangalalo nkhope yonse.

"Wamva za mkulu wako? Mapemphero anga ayankhidwa. Tsikulo ukamukumbatire pamaso pa anthu, mwana wanga, ndione ndisanafe."

"Ndawakonzera mphatso, amayi," ndinatero. Anandidalitsa, ine n'kulandira madalitsowo osaphethira.

Lolemba masana ndinatseka chitseko cha tchalitchi m'kati. Chigwereni sindilola munthu aliyense kundigwirira makwerero, ndimawamanga ndi chingwe ku zitsulo za pawindo. Ndinamanga, ndinakoka kuyesa mfundo, ndipo ndinakwera ndi kachitini ka phula ndi bulashi yaing'ono yolembera zikwangwani. Ndinajambula makwerero opendekeka ndi munthu akugwa chadodolido, miyendo m'mwamba. Pansi pake ndinajambula munthu wina atatembenuka, botolo lili pakamwa. Khutu lake lamanja ndinalidula nsonga, monga analidulira galu achimwene ali mwana. Khutu limenelo palibe amene salidziwa. M'moyo wanga wonse sindinajambulepo chithunzi mosamala chotere. Ndinadzipeza ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Phula litauma ndinapakapo woyera katatu. Abusa atabwera anayang'ana chigawocho n'kupukusa mutu mosilira.

"Eya, chopanda kanthu chenicheni!"

Nzeru yophimba khoma lonse ndi nsalu mpaka tsiku la ubatizo inali yawo, osati yanga. Anati zikhale zodabwitsa kwa mpingo. Ndinavomera kuti zidzadabwitsadi. Zigawo zinazo ndinazijambula ndi mtima wonse, nsomba zonenepa, mitengo yobiriwira, dzuwa loti ukaliyang'ana umamva kutentha. Kutatsala masiku atatu ndinasuzumira kuseri kwa nsaluyo pa chigawo choyamba. Khutu linali litayamba kuoneka.

Lamulungu lija tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Achimwene anakhala kutsogolo atavala malaya oyera, amayi pambali pawo. Achimwenewo anali atawonda, tsitsi layamba imvi. Atandiona anandigwedezera mutu, ine ndinayang'ana kudenga. Itatha nyimbo yachiwiri abusa anaitana akulu a mpingo awiri kuti akoke nsalu.

Anthu anaomba m'manja. Kenako kuombako kunayamba kuzilala kuchokera kumanzere, benchi ndi benchi, mpaka m'tchalitchi monse munati zii. Chithunzi changa chinali chitatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Makwerero, wakugwa, botolo, khutu, zonse zili poyera pamwamba pa beseni. Mayi wina kumbuyo anati, "Aaa, si awowa?" ndipo mwamuna wake anamugunda ndi chigongono. Amayi anagwira pachifuwa. Ine mtima wanga unali mbee. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anthu ankandiyang'ana ngati chidakwa chodzivulaza chokha, ndiye lero ayang'ane kumene kuyenera kuyang'anidwa. Ndinakhala tsonga, manja pa maondo, kudikira kuti munthu athawe.

Achimwene anaimirira, koma sanalowere kukhomo. Anapita pansi pa chithunzicho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, mutu utapendekeka, monga amachitira wopenta poyesa ntchito ya mnzake.

"Ndi phula limeneli," anatero, ngati akudzilankhulira. Kenako anatembenukira kwa anthu. "Uyu ndine. Wakugwayu ndi mng'ono wanga. Wajambula bwino, dzanja lake linali labwino kuposa langa kuyambira kale. Ndinanama kwa bwana kuti analedzera. Sanalawe kanthu."

Ndinamva kukoma mpaka m'mano. Koma iwo sanakhale pansi.

"Pali chimodzi chokha chimene walakwitsa. Botololi panalibe. Tsiku limenelo sindinaledzere. Mowa ndinakamwa madzulo atamutengera kale kuchipatala, kuti ndiiwale phokoso limene anagwa nalo." Anandiyang'ana. "M'mawa mwake bwana anandiuza kuti ukapitawo apereka kwa iye, ine mkulu wake ndizilamulidwa ndi mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira bulashi. Ali pamwamba paja ndinayang'ana manja anga, ndipo ndinawachotsa. Ndinachita dala. Abusa ndinawauza za bodza lija, koma izi sindinauzepo munthu. Ndimati ndilowe nazo m'madzi mwakachetechete, koma khomali lakana."

Amayi analira mokweza kamodzi, kenako anadzitseka pakamwa ndi mpango. Ine ndinangomva kuzizira kuyambira m'chiuno kutsika ndi mwendo wofupikawo. Zaka zonsezi ndinkadana ndi chidakwa chosasamala, ndipo chidanicho ndinkachiona chachikulu. Sindinkadziwa kuti ndikudana ndi munthu pang'ono chabe.

Ndinayembekeza kuti abusa atseka buku lawo n'kuuza anthu kuti ubatizo walephereka. Koma anatembenukira kwa achimwene. Kenako anafunsa ndi mawu osasa.

"Muli ndi chilichonse chimene mungabweretse kwa Mulungu cholipirira zimenezi?"

"Ndilibe."

"Mukukhulupirira kuti Yesu anafera ngakhale zimenezi?"

"Ngati sanafere zimenezi, abusa, ndiye ine ndatayika. Ndikukhulupirira."

Madzi anathiridwa, omwewo amene anandithira ine, osawonjezera ngakhale kapu imodzi. Anatsika pa khutu loduka lija n'kunyowetsa kolala. Kwaya inayamba nyimbo mwamantha. Ine ndinadzuka n'kutuluka, ndipo mwendo ndinaukoka mwaphokoso dala kuti aliyense aumve.

M'mawa mwake abusa anatuma uthenga waufupi, wopanda moni wambiri, wakuti khoma likonzedwe. Ndinapita, chifukwa ntchito yoipa siikhala ndi dzina langa. Phula silimva penti, umayenera kupala mpaka kufika pa pulasitala n'kuyambiranso. Ndinaimika makwerero ndipo ndinali ndikumanga chingwe ku zitsulo za pawindo pamene chitseko chinalira. Anali achimwene, atavala ovolosi yakale, chopalira chili m'thumba.

"Mwadzatani?" ndinafunsa.

"Kupala kumafuna miyendo iwiri yolimba. Ndikwera ndine."

"Mukuganiza kuti mukapala khoma mwapala mlandu?"

"Ayi. Mlandu wanga ndi iwe sindingaupale. Sindinabwere kudzapempha kuti undikhululukire, ndilibe poyambira." Anagwira chingwe changa, anamasula mfundo imene ndinali nditamanga, n'kuchiponya pa benchi. "Gwira iweyo."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Pansi pa tchalitchi chathu ndi pa simenti yopolishidwa, yoterera moti ana amatsetserekapo ndi masokosi, ndipo pansi penipeni pa chigawo choyamba pali ngodya ya guwa, yakuthwa. Iwo anaziona zonsezo monga ndinaziona ine. Anaponda sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Manja anga anagwira makwerero okha ndisanawauze. Anakwera mpaka pamwamba osayang'ana pansi ngakhale kamodzi, ndipo anayamba kupala botolo lija.

Fumbi loyera losakanikirana ndi lakuda linkagwera pa mikono yanga. M'tchalitchi munalibe wina aliyense. Makwerero ankagwedera pang'ono akamakankha chopalira, ndipo ndinkamva kulemera kwa thupi lawo lonse m'zikhatho mwanga. Sizikanafuna kukankha. Kungotsegula zala basi, ndipo ndani akanatsutsa kuti munthu wolumala mwendo anaterereka? Ndinayang'ana manja anga monga iwo anayang'anira awo tsiku lija, ndipo ndinamvetsa mmene zinalili zosavuta.

Ndinafufuza mumtima mwanga ngati muli kachifundo kotsalira, kaya kachikumbutso ka ubwana wathu, kaya nkhope ya amayi, chilichonse choti ndigwirepo. Sindinapeze kanthu. Munali mopalidwa mpaka pa pulasitala.

"Ambuye," ndinanong'ona mano ali gwa, "abusa akuti Inu mumalenga popanda kanthu. Muno mulibe kanthu. Ngati n'zoona, yambanipo, ndipo mufulumire, chifukwa manjawa ndi anga."

"Wati chiyani?" achimwene anafunsa ali pamwamba, osatembenuka.

"Ndati mwasiya phula kumanzereko. Palani bwino."

Anasendera kumanzere, makwerero anapendekeka nawo, ndipo ine ndinaponda sitepe yapansi ndi mwendo wofupika uja n'kulimbitsa zala.