Tsiku Limene Merv Anatchula Dzina la Mkazi Wake

Merv Tuohy sankatchula munthu dzina. Kwa iye aliyense anali "meiti", liwu la Chingelezi lija lotanthauza mnzanga. Galu wake anali meiti, wapolisi womuimitsa pamsewu anali meiti, thalakitala ikakana kulira nayonso inkasanduka meiti. Mkazi wake Glenys, amene anakhala naye mpaka imvi pafamu yawo ya nkhosa ku Gippsland, analinso meiti yemweyo.

Zinkamuwawa Glenys, osanama. "Kodi dzina langali limakuwotcha pakamwa?" ankafunsa. "Unalitchula kamodzi kokha paukwati, nakonso abusa atachita kukukakamiza."

"Aa, meiti," Merv ankangoyankha choncho, n'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Komabe mayiyu anaphunzira kulimva liwulo bwinobwino. Likatuluka lalifupi, ndi moni, kapena kuti zonse zili bwino. Likakokedwa, meeeiti, ndiye kuti Merv akunyengerera kapena wina wanama bodza loonekeratu. Likabwera motsitsa mawu, wouzidwayo achoke msanga chibakera chisanamupeze. Pamaliro, amuna onse a kumeneko ankangogwira wofedwa paphewa n'kunena liwu lomwelo, chipepeso n'kukhala kuti chatha.

Tsiku limene moto wolusa unabuka, mu Januwale, mphepo yotentha ya kumpoto inayamba kuwomba m'mawa. Pofika masana phiri la mabulugama kuseri kwa famu linali likufuka, dzuwa litafiira kuti psuu. Awiriwa anali atagwirizana kale kuti sathawa, nyumba imene anamanga bambo ake a Merv sakanangoisiyira moto. Merv anatenga thalakitala ndi galu kupita kudambo kukatsegulira nkhosa mageti kuti zipeze kothawira. Glenys anatsala akuthira madzi padenga ndi paipi, wailesi ya ovaova ili m'thumba la malaya.

"Zili bwanji kumeneko?" anafunsa.

"Kautsi chabe, meiti."

Linali lalifupi. Mtima wa Glenys unakhalako pansi.

Posakhalitsa masamba oyaka anayamba kugwa pabwalo. Ankati akazima lina ndi chiguduli chonyowa, ena awiri agwa kale pakhonde. Wailesi inalira. Anali Lachie, mkulu wa anthu ongodzipereka kuzimitsa moto m'deralo.

"Merv, moto wadumpha msewu wa kumtsinje. Tulukako kumeneko."

"Meeeiti, latsala geti limodzi."

"Meiti," Lachie anatero motsitsa mawu. "Sindikuseka."

Glenys anatukwana mokweza ngakhale panalibe womumva. Anthu aakuluakulu awiri kumaponyerana kaliwu kamodzi ngati mpira, moto uli m'njira! Anafuna kulowererapo, koma anadziwa kuti mwamuna wake akakakamizidwa ndi anthu awiri ndiye amaumiratu mutu.

Kenako kunada masanasana. Kuphiri kunamveka mkokomo ngati wa malole ambiri odzaza katundu, ndipo mpweya unayamba kuwotcha m'mphuno. Wailesi inaliranso. Ulendo uno anali Merv.

"Glenys."

Paipi inamupulumuka m'manja.

"Glenys, isiye nyumbayo. Liza galimoto upite kubwalo la mpira kutauni. Pompano."

"Nanga iwe? Merv! Nanga iwe?"

Wailesi inangoti shiii.

Sanatenge kanthu, ngakhale zithunzi za ana zimene anaziika dala pafupi ndi chitseko. Pageti la famu anaima. Njira ya kumanja, yopita kudambo, inali moto wokhawokha kutalika kuposa mitengo. Anaiyang'ana manja ali pachiwongolero. Munthu amene sanamutchulepo dzina ngakhale tsiku limene mwana wawo woyamba anabadwa, lero walitchula kawiri. Anakhotera kumanzere, akulira ndiponso akumutukwana njira yonse.

Pabwalo la mpira panali podzaza: magalimoto, akavalo omangidwa kuzigoli, ana otopa ndi kulira, amayi akupaka batala pabuledi. Glenys anakaima pampanda, maso ali kumsewu. Nkhani inali itafika kale kuti Merv sakuyankha. Amuna ankabwera mmodzimmodzi, nkhope zakuda ndi mwaye. Woyamba anali Noel wogulitsa zakudya za ziweto. Anamugwira paphewa.

"Meiti," anatero.

Glenys analidziwa limenelo. Linali la pamaliro.

"Chotsa dzanja lakolo, Noel. Palibe wamwalira pano."

Noel analichotsa. Ena amene ankabwera pambuyo pake anabwerera, n'kumakanda m'mutu chapatali. Wina anamupatsa tiyi, tiyiyo n'kuzirala m'manja mwake.

Dzuwa litapendeka, lole ya ozimitsa moto inalowa pang'onopang'ono, penti itatupa mbali imodzi. Lachie anatsika, koma sanamuyang'ane Glenys. Anazungulira kumbuyo kwa lole. Glenys anangodikira pampanda paja.

Choyamba kutsika anali galu, matope thupi lonse. Kenako Lachie anatsitsa munthu wofunda bulangete lonyowa, nsidze zitapsa, manja atakulungidwa nsalu. Anali Merv. Anali atagona m'damu lomwera nkhosa, galu ali kukhwapa, moto n'kudutsa pamwamba pawo.

Merv anayenda chotsimphina mpaka pampanda. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana mkazi wake.

"Nyumba yapita, meiti," anatero ndi mawu osasa.

Glenys anamugwira pakolala ndi manja onse awiri n'kumukoka mpaka mphumi zawo zinagundana. Misozi inkatsika osaipukuta.

"Tamvera, Merv Tuohy," anatero. "Ukadzanditchulanso dzina langa, ndidzakupha ndekha."