Mayi Pampu Adwala ku Embakasi

"Mama, hakuna kuingia!" anakuwa m'Chiswahili mlonda wa pageti la fakitale, kundiletsa kulowa. Ndinamuonetsa kontena ya mpunga n'kudutsa. Sindinakwere matatu, minibasi za kuno, mpaka ku Embakasi kudzacheza ndi mlonda.

Mkamwini wanga Fraser ndinamupeza atagwada pambali pa pampu imene imayamwa mpweya m'mapaketi a khofi pafakitale pawo. Nsonga ya sikuludiraiva anaigunditsa pachitsulo, chogwirira chili kukhutu, akumvetsera. Pampuyo inkalira ngati chigayo chimene chameza mwala. Mlungu wonse mnyamatayu sankaoneka pakhomo, chonsecho Lamulungu kunali ubatizo wa mwana wake. Lenah, mwana wanga, anali atandiuza kuti pampuyo ikafa Loweruka, bambo wa mwana sapezeka kutchalitchi.

Vuto silinali pampu yokha. Bwana wa Fraser, a Matthews, ndi amene anamupezera ntchito, ndiponso ndi ankhoswe ake kuno ku Nairobi. Iwo akati "onjezera girisi," Fraser ankangoti "chabwino, bambo."

"Aa, agogo, mwatipeza!" anatero a Matthews. "Musadandaule, kapampu aka kakungofuna girisi basi."

Kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Ndiye ndinakhala pakreti n'kutembenukira pampuyo.

"Mwaswera bwanji, mayi Pampu? Kubuula konseku, chikukupwetekani n'chiyani? Palibe wokulankhulirani pano?"

Fraser anayang'ana pansi. Kenako anatsokomola, nayenso n'kuyang'ana pampu.

"Akuti bering'i ya mbali ya mota yatha, amayi. Ikukukuta, ndipo thupi lonse likunjenjemera."

"Girisi sakuwapatsa?"

"Akuti akhuta kale. Girisi akachuluka bering'i imatentha. Girisi wina wayamba kudutsa pasilo, kamphira kotseka mpata kaja, akulowa m'kati momwe muyenera kukhala mouma."

"Nanga mankhwala ake?"

"Akuti tiwazimitse lero, tichotse bering'i ndi silo, tiike zatsopano. M'sitolo zilimo. Tikachedwa, zitsulo zozungulira m'katimo ziyamba kukhulana, ndiye pampu yonse igwira."

A Matthews anaseka. "Pampu imeneyi yayamba liti Chichewa?"

"Ndi ya kwathu," ndinatero. "Inu ankhoswe, mwaimiranji patali? Tawagwirani odwalawa pamphumi."

Anaika dzanja pamene pali bering'i, n'kulichotsa msangamsanga akuliuzira.

"Mayo ine! Iwe Fraser, bwanji sunanene?"



"Anena eni ake," ndinatero. "Zimitsani."

Anazimitsa. Bering'i itatuluka, timipira take tinali tokumbikakumbika, girisi ali bii ngati phala lopserera. A Matthews anaitembenuza uku ndi uku, anaiika pansi, kenako anadya theka la mpunga wa Fraser. Ine ndinawasiya akumanga yatsopano.

Lamulungu Fraser anaima kutsogolo m'tchalitchi atanyamula mwana, zikhadabo zikadali zakuda. A Matthews anali pambali pake, chala chokulungidwa nsalu, akuuza aliyense kuti bering'i ija anaitulukira ndi dzanja lawo. Sindinawatsutse.

Titafika kunyumba, Fraser anakhala kukhonde, ine m'khitchini, chitseko chili chotsegula. Ndinakweza mawu.

"Lenah, uwauze amuna akowo kuti ulemu wawo ndauona, ndi wabwino ndithu. Koma ulendo wina khutu lawo likamva chitsulo chikukukuta, anene tsiku lomwelo, ngakhale pamaso pa ankhoswe. Achiteko bwino kuposa apa, chonde."