Waya Wophokosera

Galaja imene malemu anasiya inali ndi mawaya awiri a foni, amkuwa aja akale, olowera m'kabokosi kotuwa pakhoma. Wina akatanganidwa, foni inkadumphira pa mnzake. Mayi wamasiye, mkazi wa malemuyo, ankakhala patebulo la pakhomo kuyankha eni magalimoto, koma khutu lake linkadikira munthu mmodzi: mwana wake wamwamuna, amene anachoka atayambana ndi bambo ake osanena kopita. Mwanayo za maliro a bambo akewo sanamve. Chimene ankadziwa pamtima ndi nambala ya pagalajapo basi. Nthawi zina ankaimba, kupuma pafoni osanena kanthu, n'kudula. Mpweya wa mwana wako suuphonya.

Mgwirizano ndi kampani ya mafoni utatha, watsopano unati waya atsale mmodzi. Mlamu wa mayiyo, amene analanda galaja thope la pamanda lisanaume, anasaina mayiyo ali kokazulitsa dzino. Pobwera, tsaya lili tutumu, anapeza mmisiri wa kampani akukulunga waya.

"Mwadula uti, bambo?"

"Woyambayo, mayi. Asankha ndi abwanawa."

"Ndachotsa wophokosera uja, alamu," anatero mlamuyo akupukuta girisi m'manja. "Mvula ikagwa ankangoti shwee ngati mukukazinga mazira. Mundithokoze."

Mmisiri anakanda m'mutu. Nambala imene anthu ankaidziwa, iye anatero, inkakhala pa waya woyambayo. Wachiwiri ali ndi yakeyake, imene palibe anaiimbapo. Waya akapita, amapita ndi nambala yake.

"Ndiye bwezerani."

"Sindingathe, mayi. Kukampani kwathu nambalayo aichotsa kale. Ine anangondituma ndi pulayala."

"Aa, nambala ndi nambala," anatero mlamu. "Tipenta chikwangwani china."

"Mupenta mpaka kumene kuli mwana wa achimwene anu? Mutu wanuwo munaupachika pajeke, kodi?"

Mlamuyo anangokwawira pansi pa lole.

Ku ofesi ya kampani, mtsikana wa pawindo anasonyeza mayiyo ndime ya mgwirizano ndi nsonga ya cholembera: nambala ndi ya kampani, wogwiritsa ntchito amangobwereka. Ya waya wamkuwa ikabwerera kukampani saiperekanso.

"Mwanangu, nanga woimbayo azimva chiyani?"

"Kuti nambalayo kulibe."

"Simungaikeko mawu oti mayi ake alipo? Oti bambo ake aja anapita, abwere, palibe womukalipira?"

"Makina sanena zimenezo, amayi." Mtsikanayo anali akuyang'ana kale wotsatira pamzere.

Mayiyo anabwerera pagalaja madzulo. Anatenga foni, n'kuimba nambala yakale ija ndi chala chake. Mawu a mkazi, oyera opanda kaphokoso ngakhale pang'ono, anamuuza mwaulemu kuti aonetsetse nambala n'kuyesanso. Anamvetsera mpaka anatha. Mwana wakeyo kuyambira ali wamng'ono sankagogoda pakhomo kawiri.

"Mwamva mmene ikumvekera bwino?" anafuula mlamu ali pansi pa lole.