Tayala Linawoloka Shire

Mwana wanga Brenda atandiuza kuti wapeza mwamuna, ndinangofunsa ngati amagwira ntchito. Akuti eya, ndi kalaliki ku Limbe, dzina lake Howard. Ndinati chabwino, koma nkhoswe yako ndi amalume ako a Dominiko, ndipo iwowo anabwerera kwathu ku Mozambiki, kutsidya kwa Shire, nkhondo itangotha. Akapanda kuvomera, udzakalambira muno mu Bangwe ukusanja nane tomato.

Ine ndimati tikwere basi mpaka ku Nsanje, kotsalako miyendo ilipo. A Howard ayi. Anakatenga galimoto ya hayala, yofiira, yonunkhira ngati sopo wa azungu.

“Amayi, tidzera ku Marka, tikaone amalume, kenako tipitirire ku Zimbabwe kukagula diresi la ukwati.”

Ku Zimbabwe! Munthu woti njinga yomwe alibe. Komabe ndinatuma mayi wina wogulitsa nsomba kuti akawauze achimwene kuti mkamwini akubwera pa galimoto.

Pachipata cha Marka anatidindira mapepala, tinadutsa. Pa Shire tinafika dzuwa lili paliwombo. Pantoni inali pomwepo, chibwato chachitsulo chowolotsa magalimoto, anyamata akukoka chingwe. Lole ya chimanga inakwera bwinobwino. A Howard anazimitsa injini.

“Iyi sikwera pamenepo, amayi.”

“Ikuopa ng'ona?”

“Eni ake ananenetsa. Malire idutse, koma pamadzi ayi. Ikamira, a inshuwalansi sakudziwa.”

“Nanga ku Blantyre simunanene bwanji?”

“Ndimayesa pali mlatho.”

Mlatho. Sukulu yonse ija.

Ndinawafunsa ngati eni akewo abisala m'mabango kuti atione. Ndinakalipa, ndinanyengerera, Brenda analira, koma bamboyo anangokumbatira chiwongolero. Tinaisiya pansi pa mtengo, kwa munthu wogulitsa nzimbe, tinawoloka ngati anthu wamba.

Tsono kutsidyako ndiye ndinagwira pakamwa. Kanjira kopita kwa achimwene ndimakadziwa, nkodutsa mbuzi. Tsiku limenelo unali msewu. Zitsa zazulidwa, maenje akwiriridwa, m'mbali andanditsa miyala yopaka laimu. Azimayi anayamba nthungululu tili patali, koma ataona kuti tikubwera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, inawathera pakhosi.

Achimwene anali pakhonde, atavala jekete la kutchalitchi.

“Teresa, galimoto ili kuti?”

“Ikupuma kutsidya.”

“Ndaitana mudzi wonse kudzalambula. Ndawaphera mbuzi. A Onesimo a kumtundaku anandiseka pa anthu kuti pakhomo panga sipadzafika ngakhale ngolo, ndipo mawa adutsa pano popita ku Misa. Aona chiyani? Zidendene zanu? Za ukwati ine sindikamba.”

Analowa m'nyumba. Brenda anayambanso kufwenthera. Ine pamsika sindibweza kasitomala asanagule, ndiye ndinawatsatira.

“Achimwene, a Onesimo akufuna kuona galimoto, kapena pamene yaponda?”

Anakanda chibwano.

“Matayala aoneke mpaka pakhonde,” anatero.

“Akaoneka mukamba?”

“Ndi pokhotera pomwe, pamene inatembenuka pobwerera.”

“Pokhotera ayi, mwana wa eniyo sanadye.”

“Ndiye Brenda akasanje tomato.”

“Chabwino, ndi pokhotera. Koma mawu anu akhale a lero, osati tionana.”

Ndinatuluka. A Howard anali pa mpando akupukuta nsapato ndi mpango.

“Bambo, eni ake aja anatchulapo za tayala la sipeya?”

“Ayi, koma amayi...”

“Nyamukani.”

Anawoloka, anabwerera nalo atalikumbatira ngati mwana wodwala. Poyamba silinkalemba kanthu, dothi louma. Azimayi anatunga madzi nkumawaza patsogolo, a Howard pambuyo atawerama, akulikanikiza pansi, taye ikulendewera. Ana anauzidwa kuti wopondapo aona zakuda. A Howard atafika pakhonde anawongoka, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati wapambana chisankho.

Achimwene anayang'ana msewu wonse.

“Kwanu ku Blantyre galimoto imayenda ndi mwendo umodzi?”

A Howard anabwerera koyambira kukalemba tayala lachiwiri. Ulendo uno mkulu wina anatsogola ndi bango loyezera kutalikirana kwa matayala, ine pambuyo ndi tsache ndikufufuta mapazi. Pokhotera anabwereza kangapo chifukwa achimwene amati dalaivala weniweni sakhota choncho. Iwo amene sanakhalepo kutsogolo kwa galimoto chibadwire.

Dzuwa litapendeka, achimwene anayendera ntchitoyo manja kumbuyo, kupita ndi kubwera. Kenako anati mphasa iyalidwe. Anamuyang'ana Howard, suti yonse matope, nkunena kuti mkamwini ameneyu mutu alibe koma msana ali nawo, amutenge mwanayo.

Ku Zimbabwe sitinafike. A Howard amalephera ngakhale kutembenuza khosi, ndiye tinabwerera njira yomweyo. Diresi ndinakagula pa kaunjika ku Limbe, ndipo Brenda anaoneka bwino kuposa ana a mabwana. Galimoto inabwezedwa youma, monga ananenera eni ake.

Patapita masiku mayi wa nsomba uja anandipeza pa benchi yanga. Akuti a Onesimo anaima pamsewupo nthawi yaitali mpaka Misa kuwapita. Anavomera pamaso pa anthu kuti galimoto inafikadi, ndipo inali yaikulu. Koma akuti mmene matayalawo anakhotakhotera, tiwauze eni galimotoyo kuti dalaivala wawo achepetse kachasu.