Njinga Ilibe Mlandu

Bambo Ezekiel Njobvu a ku Kalindawalo anatopa nako kupimidwa. Kawili konse anawatenga magazi kuchipatala ku Petauke, ndipo kawili konse nambala inatuluka yokwela. Nesi anawalongosolela kuti nambala imeneyi ikakwela, mwina kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo kali ndi khansa, mwinanso kangotupa ndi ukalamba. Mwina, mwina! Munthu ungapeze tulo ndi mwina?

Ana awo ndiye anasonkhezela moto. Tasila, wokwatiwa ku Nyimba, ankaimba foni m'mawa uliwonse: "Atate, tiyeni ku Lusaka. Kuli makina ojambula m'kati osang'amba munthu. Mwaiwala mmene anafela mng'ono wanu Gideon, atachedwa kupimitsa?"

Wiseman, wogulitsa nthochi pa Kacholola, ankakana: "Musamumvele ameneyo. Anzanu anawachita opaleshoni pa chinthu chimene sichikanawapha, lelo mkodzo ungodontha m'thalauzi. Khalani phee, muzilima thonje lanu."

Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu iwili iyi inkakokela denga uku ndi uku, mwini nyumba n'kumanyowa.

Ulendo wachitatu, dokotala wina wachitsikana anayang'ana thalauzi lawo lomanga ndi mphila m'akakolo.

"Bambo, mwabwela pa chiyani?"

"Pa njinga. Nanga ndili ndi galimoto ine?"

Dokotala anagwila pakamwa. Anati chishalo chimapsinja kachiwaloko, ndipo pa mtunda wautali wamabampu nambala itha kukwela yokha. "Isiyeni njinga masiku angapo, mubwele tipimenso."

Ha! A Njobvu anabwelela kwawo akuseka okha m'njila, njinga akuikankha ngati mbuzi yakuba. Mlandu wonse unali wa njinga! Akazi awo, amai Bernadette, anaipachika kudenga la khitchini n'kuimanga ndi luzi kuti mkuluyo asayesedwe. Kumunda wapansi, kuchalichi wapansi, ndipo aliyense wokumana naye ankamuuza kuti thupi lawo lili bwinobwino, yowalodza ndi njinga.

Tsiku lopimitsa analawila wapansi. Anafika dzuwa lili pamutu, mapazi atatupa, nadikila pabenchi mpaka dzina lawo litaitanidwa.

Dokotala uja anayang'ana pepala la zotsatila.

"Yakwela kuposa kale, bambo. Si njinga. Muyenela kukajambulidwa ku Lusaka."

Anangoti, "Zikomo, amai." Mantha anali nawo, inde, koma chachikulu kunali kutopa. Anagona kwa wachibale m'tauni, kutacha n'kuuyambanso wapansi.

Amai Bernadette anawaona akulowa pabwalo, ndipo nkhope yokha inawauza zonse. A Njobvu sanakhale pansi. Anatenga mpeni, nadula luzi, natsitsa njinga. Anaipukuta mwaye ndi kasanza, kenako anayamba kupopa matayala pang'onopang'ono, akupumila.

"Mupita kuti, atate ake Tasila?"

"Kumsewu, mawa m'mamawa. Ndikakwele basi, Tasila andipelekeze ku Lusaka."

"Nanga Wiseman mwamuuza?"

"Ndidzamukwezela dzanja pawindo tikamadutsa pa Kacholola."

Anasisita chishalo chong'ambikacho, chimene anachitukwana pamaso pa mudzi wonse.

"Tinainamizila, amake Tasila. Yandinyamula zaka zonsezi, ilibe mlandu. Chinthuchi chili mwa ine."