Masuti a Malemu Feston

Mike atatsegula wadirobu ya malemu bambo ake, mawaya opachikira zovala anangogundana okhaokha. Munatsala jekete imodzi yokha, yong'ambika m'khwapa.

"Masuti aja ali kuti?" anatero a Sammy, mng'ono wa malemu, akusuzumira mpaka pansi.

Ku Nsanama ukafunsa za a Feston, anthu ankayamba aganiza kaye. Koma ukati a Suti, ngakhale mwana ankakulozera nyumba. Anali mlimi wa nandolo ngati anzawo, koma akagulitsa mbewu ankakwera minibasi ya ku Liwonde kukasankha suti pakaunjika. Kumsika suti, kumsonkhano wa feteleza suti, ngakhale dzuwa la mu Okotobala likuswa mtengo.

Tsopano maliro anali atatha, ndipo abale anakhala pansi kuti agawe katundu. Mike, yemwe ankagulitsa mafoni ku Balaka, anali atauza kale anzake kuti abwera ndi suti yotuwa ija. A Sammy mtima unali pa yakuda, poti anali atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

"Alamu, tisabisane," anatero a Sammy, akuyang'ana a Eliza, mkazi wa malemu. "Katundu sayenda yekha."

"Ameneyu amayenda, alamu."

"Musandiseke. Ngati mwabisa kwa abale anu, ndiitana ankhoswe lero lomwe."

Mike anaweramitsa mutu. Sanawaikire kumbuyo amayi ake, ndipo iwo anaziona. Anangomanga bwino chitenje n'kunena kuti, "Iyayi, muno mukutentha. Tiyeni pakhonde."

Asanakhazikike, panafika Che Shukuru, msodzi wa ku Chiuta, atamangirira jumbo panjinga. Atapepesa maliro, anamasula jumboyo mosamala ngati muli mazira. Munali suti yotuwa.

"Anandibwereka pa nikaha, ukwati wa mwana wanga," anatero. "Ine ndinkakana, ndati ndine wa usipa ine, sizindikhala. Iwo akuti, 'Vala, nsomba sizikuona.' Apongozi anga anandipatsa mpando wakutsogolo, mpaka lero amanditcha bwana."

Pambuyo pake panabwera mayi wina atasenza yakuda m'beseni. Mwana wawo anaivala pokafunsira ntchito ya uphunzitsi, ndipo anamulemba. Wina anabweretsa nsapato, wina jekete yamizeremizere yomwe inazungulira maukwati a kwa Mposa chilimwe chonse. Chingwe choyanikira zovala chinadzaza, anthu n'kumaseka pokumbutsana yemwe thalauza inamuthera m'mawondo.

A Sammy anayang'ana chingwecho. "Komabe yakhofi ija sindikuiona."

"Ili kwanu, alamu," anayankha a Eliza. "Munaitenga pa ukwati wa Tasha wanu. Mwana wake pano akuyenda."

A Sammy anatsokomola, n'kupempha madzi akumwa. Pakhonde ponse panagwa phwete, ndipo iwonso mapeto ake anaseka, akupukuta m'maso.

Mike anavala yotuwa ija. Inamukhala ngati telala anachita kumuyeza. Anadziyang'ana pagalasi la zenera, n'kuona mapewa a bambo ake. Anatulutsa foni kuti adzijambule, koma anaona munthu ataima pampanda, akupotokola chipewa m'manja. Anali Chester, wakabaza wa pamsika.

"Lowa, Chester," anatero a Eliza. "Ukwati uja ndi Loweruka lino, eti?"

"Eya, amayi. Koma ndangobwera kudzapepesa. Zinazo zinapita ndi eni ake."

"Zinazo ziti?" anafunsa Mike.

Chester anayang'ana pansi. "Anandilonjeza imene mwavalayo, achimwene. Amati mkwati wa yotuwa amaoneka bwino pazithunzi. Koma musavutike, ndili ndi shati yoyera."

Mike anagwira batani la jekete. Anaganiza za anzake a ku Balaka. Kenaka anayang'ana amayi ake.

"Shati yoyera paukwati?" anatero Mike, akuvula jekete. "Ukufuna a Suti adzuke? Tabwera kuno."

Manja a jekete anamupitirira Chester mpaka kubisa zala. A Sammy anadzuka, n'kuyamba kuwapinda okha. "Ikatha ntchito ibwerere kuno kwa alamu," anatero. "Ndi yakhofi ija ndibweretsa mawa."

A Eliza analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tayi yofiira, yomangamanga kale, yongofunika kulowetsa mutu.

"Malemu anaimanga m'mawa womwe tinkapita nawo kuchipatala," anatero. "Galimoto inali ikudikira panja. Amati, 'Chester sadziwa kumanga tayi, ndipo achita manyazi kufunsa.'"

Chester anawerama. A Eliza anamuveka tayiyo, n'kukoka mfundo pang'onopang'ono mpaka inafika pakhosi.